Chaka Chimene Ndinkadzutsa Makompyuta Akufa

Ndinafika pasukulupo teremu ili pakati, fodya ali m'zigafa. Inali sekondale yoyendera, kuseri kwa Nambuma ukamalowera cha ku Kasiya: mabuloko atatu, mjigo umodzi ndi nyumba zinayi za aphunzitsi. Ine anandipatsa nyumba yakumapeto, yoyang'anizana ndi munda wa mtedza. Amuna anga anatsala m'tauni ku Lilongwe chifukwa cha ntchito, ndipo tinapangana kuti azibwera pakatha masabata awiri alionse. Ana tinalibe. Ntchito imene anandituma inali yophunzitsa masamu.

Sabata yachitatu ahedi anandiitanitsa ku ofesi. Anali bambo wofatsa, woyankhula akuyang'ana pa tebulo.

"Amadamu, m'mapepala anu ndaona kuti munaphunzirako za kompyuta, eti?"

Ndinawauza kuti anali maphunziro a masabata awiri okha, ndili ku koleji, ndipo zambiri ndinaiwala.

"Ndiye kuti pano katswiri ndinu," anatero, nandipatsa kiyi womangidwa pa kachingwe ka sisalo.

Kiyiyo anali wa kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Munali makompyuta asanu ndi anayi, ofundidwa masaka. Anthu ena akufuna kwabwino a kunja anawapereka chaka chimene magetsi anafika pasukulupo. Anali ogwiritsidwa kale ntchito m'maofesi a kwawoko. Mphunzitsi amene ankawadziwa anasamutsidwa asanaphunzitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo kuchokera pamenepo chitseko chinakhala chotseka zaka ziwiri. Ahedi ankafuna kuti Fomu 3 iyambe phunziro la kompyuta chaka chotsatira.

Pakati pa sabata ndinalibe mpata, choncho ndinasankha Loweruka. Aphunzitsi anzanga onse anali a m'madera oyandikana, wina wa ku Kabudula, wina wa ku Nsaru, ndipo Lachisanu belu likangolira ankamanga katundu pa njinga n'kumapita kwawo. Pasukulu pankatsala ine ndi mbuzi zimene zinkabwera kudzagona pakhonde la Fomu 1. Ukatsokomola, mawu ankabwerera kuchokera ku buloko lina.

Loweruka loyamba ndinasesa, n'kulemba manambala ndi choko pa kompyuta iliyonse, kenaka ndinayamba kuyatsa imodziimodzi. Yoyamba sinachite kanthu ngakhale pang'ono. Yachiwiri fani inazungulira, koma sikirini inangokhala bii, ndipo mkati munamveka kulira katatu ngati kamwanapiye. Yachitatu inalemba mawu oyera a Chingerezi, kudandaula kuti deti ndi nthawi zasokonekera. Yachinayi inandipatsa chiyembekezo: inaonetsa chithunzi, ine mtima m'malo, kenaka sikirini yonse inasanduka yabuluu, n'kuzima, n'kuyambanso yokha. Inachita zimenezo kasanu ndi kawiri ndikuiyang'ana. Zotsalazo zinagawana matenda omwewa. Ndinalemba zonse m'kope, n'kukhala pa benchi manja ali pamiyendo. Panalibe woti ndimufunse.

Foni pasukulupo inkagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa mjigo. Madzulo ndinakwera pachulupo n'kuwaimbira amuna anga, popeza iwo ankagwiritsa ntchito kompyuta tsiku lililonse kuntchito kwawo. Ndinawawerengera zonse za m'kope muja.

"Ungowauza ahediwo kuti zinthuzo n'zakufa," anatero. "Azungu akafuna kutaya zinyalala amazitcha mphatso. Usadzivute."

Ndinafunsa ngati abwere Loweruka lotsatira. Anati aona, ntchito yachuluka. Sanabwere.

Ndinali nditasunga mapepala amene anatipatsa ku koleji, ndipo pa tsamba lina panalembedwa kuti kompyuta ikamalira isanaonetse kanthu, vuto limakhala mkati. Kuti nditsegule pankafunika sikuludiraiva ya mutu wa nyenyezi, ndipo pasukulu panalibe. Lachitatu nditaweruka ndinayenda wapansi kupita pamsika, ulendo wa theka la ola. Anthu anandilozera khonde la golosale yotsekedwa, pamene pankakhala bambo wina wokonza mawailesi.

Anali munthu wachikulire, wochepa thupi, wa imvi m'mbali mwa mutu, atavala magalasi omangidwa ndi kawaya. Mayankhulidwe awo anandiuza msanga kuti sanali a kuno. Pambuyo pake ndinamva kuti anachokera ku Phalombe ali mnyamata, iwo ndi akazi awo, kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kasiya. Esitetiyo inaleka kulima, anzawo anabalalika, akazi awo anamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali cha ku Kasungu. Iwo anangotsala pamsikapo ndi luso la mawailesi limene anaphunzira kwa kalaliki wa paesiteti. Zaka zonsezo anthu ankawatchulabe kuti akummwera.

Ndinawapatsa moni n'kufotokoza chimene ndinabwerera. Anatulutsa sikuludiraivayo m'kachitini, kuiyang'ana, n'kuibwezera momwemo.

"Pepani amadamu, chida changa sichiyenda chokha. Kumene chapita ndimapita nacho. Kodi zinthuzo mumatsegula tsiku lanji?"

Loweruka anabwera panjinga, kachitini kali pa kaliyala. Anavula chipewa polowa m'kachipindamo ngati akulowa m'tchalitchi. Anandiuza poyera kuti kompyuta sanaigwirepo chibadwire.

"Koma ngati imadya magetsi, tikhoza kumvana nayo," anatero.

Titatsegula yoyamba tinapezamo fumbi lochindikala ngati bulangete, chisa chadothi cha mavu pafupi ndi fani, ndi buluzi wouma. Abambowo anaika mphuno pa kabokosi kamene chingwe cha magetsi chimalowera.

"Ichi chinapsa kalekale. Nunkhizani."

Ndinanunkhiza, ndipo linalidi fungo la pulasitiki yopsa. Anandiphunzitsa dongosolo lawo la pa mawailesi, ndipo ndi lomwelo ndimagwiritsabe ntchito mpaka lero. Choyamba, funsa ngati moto ukufika. Ngati ukufika, tchera khutu umve chimene chinthucho chikunena. Ukatha apo m'pamene uyambe kugwiragwira, ndipo ugwire chinthu chimodzi, uyese, usanagwire china. "Mukasintha zitatu pakamodzi, n'kuyaka, simudziwa chimene chachiza. Mawa ikadwalanso mudzayambira pati?"

Tinachotsa kabokosi ka magetsi mu nambala naini, imene mbewa zinadya mawaya ake ena, n'kukaika mu nambala wani. Fani inazungulira. Kenaka inalira katatu ngati inzake ija. Apa mapepala anga a ku koleji anagwira ntchito. Ananena za timatabwa tobiriwira, titalititali ngati lula yaifupi, timene amati ramu. Tikakhala kuti sitinakhazikike bwino kapena mano ake achita dzimbiri, kompyuta imalira osaonetsa kanthu. Ndinazula katabwa kamodzi. Abambowo anakayang'ana pawindo n'kundipempha labala wofufutira pensulo. Anapukuta manowo pang'onopang'ono mpaka anawala, kupemerera, n'kundipatsa kuti ndibwezere ndekha. Ndinakankha mpaka kanalira kuti tha.

Nditadina batani, inalira kamodzi kokha, mwachidule, ndipo mawu anaoneka pa sikirini. Tinangoyang'anana. Iwo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

Ija yodandaula za deti, vuto lake linali kabatire kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazimitsidwa. Abambowo anakazindikira msanga chifukwa ankaika totero m'mawotchi ena. Anakatipezera tsiku la msika ku Nsaru. Ina inali ndi diski, mosungira zonse muja, imene inkangogogoda mkati ngati munthu wokhoma msomali kutali. Imeneyo tinaisiya, chifukwa panalibe chochita.

Tinapitiriza choncho mwezi wa Juni wonse ndi Julayi, mphepo ikulowera pa galasi losweka. Ndinkabwera ndi tiyi m'fulasiki ndi mbatata yootcha. Sitinkayankhula zambiri. Iwo sanandifunsepo za banja langa, ngakhale ankaona kuti Loweruka lililonse ndili pasukulu ndekha. Ine sindinawafunse chifukwa chimene sanabwerere kwawo. Dzuwa likapendeka ankamanga kachitini kawo, ine n'kukhoma chitseko, aliyense n'kulowera kwake. Ndikafika kunyumba ndinkaphika zokwana munthu mmodzi, ndipo nthawi zina ndinkazindikira kuti mawu omaliza amene ndatulutsa tsikulo anali akuti "muyende bwino".

Pofika kumapeto kwa Julayi makompyuta asanu ankayaka. Anayi enawo anasanduka mosungira zipangizo. Koma kuyaka kokha sikunali kuchira. Kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu imene imaidzutsa n'kumayendetsa zina zonse. Popanda imeneyo ndi bokosi chabe. M'makompyuta athu mapulogalamu amenewa anali owonongeka, ndipo awiri ankafuna mawu achinsinsi a maofesi a kunja amene sitikanawadziwa. Panafunika kufufuta zonse n'kuikamo yatsopano.

Pa holide ndinapita m'tauni ndi zolinga ziwiri: kukapeza masidi a pulogalamuyo ndi kukaona kunyumba. Amuna anga anandilandira bwino, mwaulemu wopatsa mlendo. M'khitchini mapoto anali atasintha malo, ndipo kubafa kunali mafuta odzola amene ine sindigwiritsa ntchito. Sindinafunse. Ndinakhala masiku anayi. Pa nkhani ya makompyuta anayankhula momasuka kusiyana ndi nkhani ina iliyonse.

"Uike imene ili m'maofesi onseyi. Mwana akadzafuna ntchito adzamufunsa imeneyo. Zinazi n'zoseweretsa."

Sidi yake ndinaipeza kwa munthu wina wojambulira anthu nyimbo mumsika. Inali yokopera, dzina lake lolembedwa ndi cholembera pamwamba. Tsiku lomaliza ndinakaona mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, yemwe anasiya uphunzitsi n'kumakonza makompyuta pa ofesi ina. Iye anandifunsa mafunso amene wina aliyense sanandifunse: makompyutawo ndi akale bwanji, ramu ndi yochuluka bwanji, intaneti ilipo, ndani azidzawakonza akadwala. Nditayankha anatsegula kabati n'kundipatsa sidi ina.

"Iyi ndi yaulere, sikuti yakuba ayi, anaipanga kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Ndi yopepuka, makina okalamba amaikwanitsa, ndipo mavairasi a m'mafulashiwa saigwira kawirikawiri. Koma usangomvera ine kapena amuna ako. Ika zonse ziwiri, ukhazikepo munthu amene sanagwirepo kompyuta, uone."

Ndinabwerera kusukulu holide isanathe. Nyumba zina zitatu zija zinali zokhoma.

Kuika pulogalamuyo kunandidyera masiku. Poyamba kompyuta inkangodutsa sidiyo osaiwerenga, n'kumathamangira ku pulogalamu yake yakale yowonongeka ija. Loweruka lathunthu linatha ndisanazindikire kuti ikangoyaka pamafunika kudina msanga batani lina la pa kiyibodi, kuti ulowe pamalo pamene umaiuza poyambira. Ukachedwa pang'ono, wadutsidwa. Nditaiuza kuti iziyambira pa sidi, ntchito inayamba kuyenda, kamzere kakudzaza pang'onopang'ono pa sikirini. Kali pakati, kompyuta inazima n'kuyambanso yokha. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinasintha kompyuta, chimodzimodzi. Ndinayamba kukayikira masidi onse awiri.

Abambo aja anali atakhala pakona akumwa tiyi. Italephera kachitatu anandiuza kuti ndiyatse babu la m'chipindamo ngakhale kunali masana.

"Yambaninso. Inu muziyang'ana sikirini, ine ndiziyang'ana babu."

Patapita mphindi zingapo babulo linafooka, kufiira ngati khala, ndipo nthawi yomweyo kompyuta inazima.

"Tamverani," anatero, atakweza chala.

Kutali, cha kumsika, chigayo chinali chitangoyamba kulira.

"Akachiyatsa chimakoka moto wonse wa pa laini ino. Ine chopsereza changa cholumikizira mawaya chimazizira nthawi yomweyo. Sidi yanu ilibe mlandu."

Chigayocho sichinkagaya Lamulungu. Tsiku lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anabwera ndi jekete lawo la mapemphero, ndipo pofika madzulo makompyuta awiri anali okonzeka: nambala wani ili ndi pulogalamu ya m'maofesi, nambala thuu ili ndi yaulere ija.

Munthu woyesera sindinachite kukamufuna kutali.

"Abambo, takhalani apa."

Anakana kawiri. Anati manja awo ndi a fodya ndi waya, aphwanya zinthu za boma. Kachitatu anakhala, m'mphepete mwa mpando. Mausi ankainyamula m'mwamba n'kumailozetsa pa sikirini ngati tochi. Nditawaonetsa kuti imayenda pa tebulo, anaseka okha. Kanali koyamba kuwamva akuseka. Ndinawauza kuti alembe chilichonse chimene akufuna. Anayang'ana kiyibodi, kenaka anafunsa.

"Kodi kalata ingatheke?"

Anali ndi mlongo wawo ku Phalombe. Anasiya kulemberana zaka zambiri zapitazo, ndipo sankadziwa ngati ali moyo. Anati dzanja lawo linayamba kunjenjemera moti zolemba zawo eni ake sankatha kuziwerenga, ndipo kulembetsa kwa munthu wa pamsika sankafuna, chifukwa mawa nkhani imakhala ili pa bawo.

Anayambira pa nambala wani. Ankafufuza chilembo chilichonse ndi chala chimodzi, milomo ikuyenda. Ine ndinkakhala kumbuyo, ndikuyang'ana manja awo osati mawu. Chimene ndinaona n'chakuti pulogalamu ya m'maofesiyo inali yolongolola. Pakapita kanthawi inkatulutsa kabokosi: mwina kuchenjeza kuti kompyuta ilibe chitetezo, mwina kufuna intaneti imene tinalibe, mwina kunena kuti kope lathulo si lenileni, zimene zinali zoona. Kabokosi kakangotuluka, abambowo ankachotsa manja msangamsanga n'kuwaika pachifuwa.

"Ndaononga, eti?"

Ndinkawauza kuti sanaononge, koma pankatenga nthawi kuti abwezerenso chala pa kiyibodi. Komanso makinawo ankalemedwa nayo. Ukadina, umadikira, ndipo munthu wongoyamba kumene akaona kuti palibe chikuchitika amadinanso kasanu, zinthu zisanu n'kutseguka pakamodzi.

Sukulu itatsegulidwa, mbiri inamveka kuti makompyuta ayaka. Mphunzitsi wina anabwereka kiyi kwa ahedi pakati pa sabata n'kulowetsa fulashi yake ya nyimbo mu nambala wani. Sanachite mwadala, ankangofuna kumvera. Loweruka titayatsa, sikirini yabuluu ija inabweranso, kuzima ndi kuyamba, kuzima ndi kuyamba. Kalata ya abambo aja, ya Maloweruka awiri, inali momwemo.

Iwo anatola chipewa chawo.

"Basi, mwina kalatayo sinayenere kupita."

Ndinawapempha kuti adikire. Mnzanga uja anali atandiuza kuti sidi yaulereyo imatha kuyendetsa kompyuta payokha, osafufuta kanthu, n'kukulola kuona zimene zili mu diski. Ndinali ndisanayesepo. Ndinaika sidiyo, kuyatsa, kudina batani lija nthawi yake, n'kudikira. Inachedwa, koma inatseguka. Ndinafufuza m'mafoda mpaka ndinaipeza. Poitsegula kuti nditsimikize, maso anga anagwera pa mzere woyamba ndisanawabweze. Unali wakuti: "Achemwali, ndine, ndikadali moyo."

Ndinaisamutsira mu nambala thuu, ndipo anaimalizira momwemo. Mmenemo munalibe timabokosi towadzidzimutsa. Ankayatsa okha, kutsegula kalata yawo okha, ndipo tsiku lina ndinapita kukatunga madzi pamjigo n'kuwapeza akupitiriza osazindikira kuti ndinatuluka.

Sindinganame kuti yaulereyo inalibe zovuta zake. Pulinta ya mu ofesi ya ahedi inakana kumvana nayo, moti kalatayo ndinachita kuisunga mwa mtundu wina n'kukaisindikizira pa laputopu ya mlangizi wa zaulimi amene ankabwera pamsika. Zithunzi za m'buku la ana zinali za pulogalamu ya m'maofesi ija, ndipo ahedi anada nkhawa.

"Nanga pa mayeso, amadamu? Ana adzaona zosiyana ndi zimene aphunzira."

Ndinawauza zimene ndinaona ndi maso anga. Munthu wongoyamba kumene amafuna kompyuta imene iyake lero monga inayakira dzulo, imene simuopseza, ndipo ikadwala mphunzitsi mmodzi wa kumudzi angathe kuidzutsa popanda kukwera minibasi. Kulemba, kusunga, kutsegula, kuwerengetsa, zonsezo n'zofanana kulikonse. Mwana amene wazolowera njinga imodzi savutika pa ina. Tinagwirizana kuti anayi akhale ndi yaulereyo, ndipo imodzi tiikemo ya m'maofesi kuti ana aziona maonekedwe ake. Ndinawauzanso kuti sidi yokoperayo si yoyenera pasukulu, ndipo patapita miyezi anapeza yovomerezeka kudzera ku ofesi ya maphunziro. Pa kompyuta imeneyo ndinamata mabowo a fulashi ndi tepi.

Kalata ija inapita ndi dalaivala wa lole amene ankapita kummwera. Pansi pake tinalemba nambala ya foni yanga, chifukwa iwo analibe foni.

Mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, amalume a amuna anga anandiimbira kuti ndipite m'tauni ndi ankhoswe anga. Zimene zinakambidwa kumeneko sizinali zachilendo kwa ine. Mayi wina amene amuna anga ankakhala naye anali woyembekezera. Anandifunsa ngati ndingalole kukhala awiri, ndipo ndinakana. Ndinalongedza zovala zanga zotsala, makapu asanu ndi limodzi ndi mashini osokera a malemu mayi anga, n'kubwerera ku Nambuma pa lole ya feteleza. Loweruka lotsatira ndinatsegula kachipinda kaja monga mwa masiku onse. Abambo aja anandiyang'ana kamodzi, n'kutulutsa mango awiri m'thumba la jekete, kuwaika pa tebulo. Tsiku lonselo tinachotsa mabatani a makiyibodi n'kumatsuka limodzilimodzi m'beseni, ntchito imene sinali yofulumira konse.

Yankho la kalata linabwera sabata yomweyo, uthenga wa pafoni umene unalowa nditakwera pachulu. Unalembedwa ndi mdzukulu wa mlongo wawo. Mlongoyo anali moyo, ngakhale maso anali atayamba kuvuta. Mchimwene wawo wamkulu anamwalira zaka zitatu zapitazo. Munda wa mayi awo unalipo, ndipo mawu omaliza anali akuti abwere mvula isanagwe. Ndinayenda mpaka pamsika kukawawerengera. Anandipempha kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Kenaka anatenga wailesi imene ankakonza n'kupitiriza kumanga, koma sikuluwu inkangowagwa.

Ananyamuka kumayambiriro kwa Novembala. Mawailesi a anthu anawabweza onse, okonzedwa ndi osakonzedwa. Njinga anaisiyira mkulu wa mpingo wawo. Anabwera kusukulu Lachinayi kudzatsazika, ine ndili m'kalasi, ndipo tinayankhulana pakhonde mphindi zochepa ana akusuzumira pawindo.

"Amadamu, mwandithandiza."

"Mwandithandiza ndinu, abambo."

"Mvula ikayamba muzizula mapulagi onse mukamachoka. Mphenzi za kuno sizichenjeza."

Anavala chipewa n'kumapita. Anandiimbirapo kamodzi cha m'ma Khirisimasi pa foni ya mdzukulu uja. Ndinangomva kuti afika bwino, adzala chimanga ndi nandolo, kenaka foni inaduka. Nditaimbanso sinalowe, ndipo sindinamvenso za iwo.

Phunziro linayamba chaka chotsatira. Ana anali opitirira makumi anayi, makompyuta asanu, choncho ankalowa m'magulu, asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi pa kompyuta imodzi, wina kugwira mausi, wina kiyibodi, ena kulangiza kumbuyo. Tinaika phunziroli m'mawa kwambiri, chigayo chisanayambe. Tsiku loyamba sindinawalole kulemba kanthu. Ndinawaphunzitsa kuyatsa, kudikira osadina chilichonse mpaka itamaliza kudzuka, ndi kuzimitsa bwinobwino osati kuzula chingwe. Ena anakhumudwa, koma m'zaka zinayi zimene ndinakhala pasukulupo, anayi aja sanandivutepo kupatula fumbi ndi mabatire. Yachisanu ija ndinaifufuta n'kuikanso kawiri.

Mtsikana wina wa m'gulu loyambalo, mwana wa matenanti, tsopano amalemba pa kompyuta ku chipatala china. Tinakumana pa depoti chaka chatha, ndipo ndi iye anandizindikira. Anandifunsa ngati ndinakwatiwanso, ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikuphunzitsabe, ndinati eya, masamu ndi kompyuta, cha ku Mpingu. Minibasi yake inadzaza msanga, ndipo anakwera akundiuzabe za ana ake awiri kudzera pawindo.